Kuchoka M'komboni Kupita M'chipinda cha Lendi: Mbiri ya Pogona pa Antchito a M'mafamu a ku Mashonaland

Kwa zaka pafupifupi 100, nyumba ya wantchito pa famu ya mzungu ku Mashonaland, kumpoto kwa dziko la Zimbabwe, inkatchedwa yaulere. Mwini famu ankaiwerengera choncho, ndipo nyuzipepala zinkalemba chimodzimodzi. Koma munthu ankagonamo pokhapokha ngati mawa lake alawirira kumunda, ndipo ntchito ikatha, pogona pankatheranso pomwepo. Lendi inalipo ndithu, kungoti inkaperekedwa ndi thukuta, osati ndi ndalama. Ambiri mwa anthu amene ankaipereka anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ndipo zidzukulu zawo lero zili m'gulu la anthu amene akuvutika kwambiri ndi kukwera kwa lendi m'madera ozungulira mzinda wa Harare.

Nkhaniyi inayamba mu 1890, pamene gulu lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, linaimika mbendera pamalo amene linawatcha Fort Salisbury, pomwe lero pali Harare. Aliyense wa m'gululo analonjezedwa famu ya maekala pafupifupi 3,000. Ambiri mtima wawo unali pa golide, osati pa khasu, choncho mafamu ochuluka anangokhala a papepala, Ashona eni nthaka akulimabe monga ankalimira makolo awo. Njira yachidule yopezera phindu pa malo otere inali kuwalipiritsa anthuwo lendi. Munthu anayamba kulipira kuti akhale pamudzi pamene anabadwira, kuwonjezera pa msonkho wa nyumba umene unayamba mu 1894. Azungu amene ankalimadi sanakondwe nazo, chifukwa munthu wotha kugulitsa chimanga chake n'kulipira lendi analibe chomupititsa kukalembedwa ntchito kwa iwo. Lamulo la Private Locations Ordinance la 1908 linaika malire pa chiwerengero cha anthu a lendi pa famu imodzi, ndipo linalamula kuti mwini famu wokhala pamalopo azilipira boma sheleni imodzi pa mwamuna aliyense wa lendi, pomwe wokhala kutali azilipira masheleni asanu. Kenako lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu pafupifupi theka la dziko lonse, ndipo china mwa zolinga zake chinali kuthetsa lendi ya ndalama m'dera la azungulo. Zinatenga zaka kuti zitheke, ndipo kusamutsa anthu kwakukulu kunachitika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, koma mfundo inali itakhazikika: munthu wakuda wofuna kukhala pa famu ayenera kukhala wantchito. Ku Nyasaland dongosolo lofanana ndi limeneli linali kale ndi dzina, thangata.

Fodya ndiye anakulitsa makomboni. Fodya wa Virginia, wowamba ndi moto m'mabani, amafuna manja ambiri kuyambira ku nazale mpaka posankha masamba, ndipo madera a Marandellas, Macheke, Umvukwes (lero Mvurwi), Banket, Trelawney, Sinoia ndi Karoi anadzaza ndi minda yake, makamaka 1947 itadutsa, makampani a ku Britain atalonjeza kugula gawo lalikulu la zokolola. Ashona anali ndi minda yawo m'malo amene boma linawasiyira, ndipo ankabwera kudzagwira ntchito kwa miyezi yochepa chabe. Alimi ankafuna anthu oti akabwera asabwererenso msanga, ndipo anthu oterowo anali akumpoto.

Poyamba amuna a ku Nyasaland ankayenda wapansi kwa masabata, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowera ku Mtoko. Onse ankati akupita ku Halale, ngakhale amene anathera pa famu ya kutali ndi tauniyo. Bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1903, linatchuka ndi dzina loti chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Mu 1935 komiti imene boma la Nyasaland linaika, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inadandaula kuti midzi ikutha amuna, ndipo chaka chotsatira maboma atatu a m'derali anapangana za kayendedwe ka antchito. Pambuyo pake panabwera malole a Ulere, onyamula anthu osalipira, ndipo mu 1946 panakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Supply Commission, imene Amalawi ankaidziwa kuti Mthandizi. Ambiri olembedwa ndi Mthandizi ankatumizidwa kumafamu, kumene malipiro anali otsika kuposa kumigodi ndi m'tauni. M'zaka za m'ma 1950, oposa theka la antchito a m'mafamu a Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, anali ochokera kunja. Ena anabwerera kwawo ndi njinga kapena makina osokera. Ena anakhala matchona.

Komboni inkakhala kuseri, kutali ndi nyumba ya bwana, kawirikawiri kufupi ndi mabani. Mlendo akalembedwa ankapatsidwa masiku ochepa kuti adule mitengo, aphome ndi dothi, afolere ndi udzu. Nyumbayo anamanga yekha, koma inali ya mwini famu. M'mamawa kapitawo ankamenya chitsulo, anthu n'kutuluka. Malipiro sankawerengedwa pa mwezi wa pakalendala koma pa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku lodwala kapena losamaliza ndime silinkachongedwa, moti tikiti imodzi inkatha kutenga masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Pa sabata ankalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere, mwina ndi kanyama. Zotsala ankatenga pa ngongole m'sitolo ya pa famu pomwepo, ndipo ngongoleyo inkadulidwa tikiti ikatha. Nyengo yosankha fodya ikafika, mkazi ndi ana a m'nyumbamo nawo ankayembekezeka kupita ku shedi, ndipo banja lokana linkadziwa kuti likuika pogona pake pachiswe. Lamulo la Masters and Servants Act la 1901, limene linalamulira antchito a m'mafamu mpaka nthawi ya ufulu, linkati kuthawa ntchito ndi mlandu wopita nawo kundende.

Chovuta kwambiri chinali ukalamba. Penshoni kunalibe, ndipo nkhalamba inkakhalabe m'komboni mwa chifundo cha bwana kapena chifukwa mwana wake walembedwa ntchito. Katswiri wina wa ku Canada, Blair Rutherford, amene anafufuza m'mafamu a ku Hurungwe, anasonyeza m'buku lake la 2001 kuti pa famu mwini wake ndiye anali boma: woweruza milandu, wopereka chilolezo cha mlendo, wosankha woyenera kukhala ndi woyenera kuchoka. Komabe anthu anamanga moyo wawo m'makomboni momwemo. Anayambitsa mabungwe othandizana pa maliro, Ayao anamanga mizikiti yaing'ono, Achewa anatulutsa gule wamkulu Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mpingo umene Mbusa T.C.B. Vlok anapita kukautumikira ku Salisbury mu 1912 unakula n'kukhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Mafamu ambiri anakhala ndi manda akeake. Chinyanja chinkamveka m'makomboni ochuluka kuposa Chishona.

Nyuzipepala za nthawiyo zinkalemba kwambiri za antchito a m'mafamu, koma kuchokera pakhonde la bwana. Mu Rhodesia Herald nkhani inali ya kusowa kwa antchito, kuthawa kwawo ndi mtengo wa phoso. Nyuzipepala zowerengedwa ndi anthu akuda, monga African Weekly ndi African Daily News, zinkasindikizidwa ku Salisbury, ndipo maso awo anali pa mavuto a m'malokeshoni, kumene olemba ndi owerenga ankakhala. African Daily News inatsekedwa ndi boma mu 1964. Famu inali malo a mwini, ndipo mtolankhani wolowa popanda chilolezo ankapalamula. Chithunzi chokwanira cha moyo wa m'komboni chinadzatuluka mu 1977 m'buku la katswiri wa zachuma D.G. Clarke, losindikizidwa ndi Mambo Press ya Akatolika ku Gwelo, osati m'nyuzipepala.

M'tauni namo pogona panamangiriridwa ku ntchito. Lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, inakhazikitsidwa pamalo ake mu 1907, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochokera kumpoto anali ochuluka kwambiri mwa antchito a mu Salisbury. Lamulo la 1946 la Natives (Urban Areas) Accommodation and Registration Act linalamula olemba ntchito kulipirira antchito awo pogona, ndipo khonsolo inamanga mahositelo a amuna okhaokha monga Matapi ndi Nenyere. Wochotsedwa ntchito ankataya bedi lake. Apolisi ankachita zipikisheni usiku kusaka amayi opanda chikalata cha ukwati, ndipo kulimbana ndi zimenezi n'kumene kunatchukitsa Charles Mzingeli ndi bungwe lake la Reformed ICU. Kuyambira 1958, lamulo la Foreign Migratory Labour Act linayamba kutsekera antchito akunja matauni, n'kuwakankhira kumafamu ndi kumigodi. Pamenepa njira ziwiri zinasiyana. Amene anapeza nyumba ya khonsolo ku Highfield, Mufakose kapena Mabvuku anakhala anthu a m'tauni. Anzawo anatsala m'makomboni.

Kusiyanaku kunaonekera bwino ufulu utabwera mu 1980. Boma latsopano linalola anthu okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula, ndipo banja limene dzulo linali la lendi linakhala eni nyumba. Ambiri anamanga tizipinda kuseri, ta njerwa kapena matabwa, n'kuikamo anthu a lendi amene kumeneko amatchedwa maroja. Wantchito wa pa famu analandira malipiro ochepetsetsa ovomerezeka a madola 30 a ku Zimbabwe pa mwezi, pomwe wa m'fakitale anali pa madola 70, ndipo analoledwa kulowa bungwe la antchito, limene linadzakhala GAPWUZ. Alimi ena, makamaka olima maluwa ndi ndiwo zamasamba zotumiza ku Ulaya, anamanga nyumba za njerwa, zimbudzi ndi sukulu. Koma palibe njerwa imodzi imene inakhala ya wantchito. Ngakhale kuvota pa chisankho cha makhonsolo a m'madera a mafamu kunali kwa olipira msonkho wa malo okha, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Malo a pakati, osakhala famu komanso osakhala tauni, anali atayamba kale kudzaza. Epworth, kum'mwera chakum'mawa kwa Harare, inali famu ya mishoni ya Methodist, ndipo othawa nkhondo anathamangirako kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1991, pokonzekera kubwera kwa Mfumukazi Elizabeth II ku msonkhano wa maiko a Commonwealth, akuluakulu anasesa anthu okhala m'zisakasa mu Harare n'kukawataya ku Porta Farm, panjira ya ku Norton, akuti mongoyembekezera. Mu 1993 anthu ena anathamangitsidwa pa Churu Farm ya wandale Ndabaningi Sithole, ndipo ambiri anathera ku Hatcliffe Extension.

Kulanda mafamu a azungu kunayamba mu Febuluwale 2000, boma litagonja pa referendamu ya malamulo a dziko. Nthawi imeneyo alimi achizungu analipo oposa 4,000, ndipo antchito awo anali pakati pa 320,000 ndi 350,000, ambiri mwa iwo m'zigawo zitatu za Mashonaland. Powerengera mabanja awo, anthu okhala m'makomboni ankayandikira 2 miliyoni. Lipoti la Lloyd Sachikonye la 2003 linayerekeza kuti antchito pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene anagawiridwako malo sanafike 5 pa 100 alionse. Wantchito wa Chishona anali ndi mudzi wobwererako. Koma pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wa mtundu wochokera kunja, ndipo ambiri mwa amenewa anabadwira pa famu pomwepo, Malawi ankangomumva kwa agogo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunawalamula kukana unzika wa dziko limene sanalionepo, ndipo amene sanatero anapezeka ali alendo m'dziko lobadwira, opanda voti. Ndalama zosiyira ntchito zimene lamulo la 2002 linalamula alimi ochoka kupereka zinadyedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Anthu anabalalika. Ena anakhalabe m'makomboni, ena anapita kokumba golide ku Mazowe ndi ku Shamva, ena anamanga zisakasa m'mphepete mwa matauni monga Norton, Chinhoyi, Bindura ndi Marondera, ndipo ena anakapempha kachipinda ku Epworth. Kwa nthawi yoyamba m'mibadwo itatu, mabanja amenewa anayamba kufunsidwa ndalama ya lendi pakutha pa mwezi.

Atolankhani anagawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinamuphonya wantchito. The Herald, imene inakhala m'manja mwa boma kuchokera mu 1981, inkalemba za kubwezera nthaka kwa eni ake, ndipo antchito a m'mafamu ankaoneka ngati otsatira azungu ndi chipani chotsutsa cha MDC. Nyuzipepala za ku Britain zinkaika patsogolo alimi achizungu ophedwa, monga David Stevens wa ku Macheke mu Epulo 2000, antchito n'kungokhala khamu la kumbuyo pa chithunzi. Daily News, imene inkayesa kulemba za nkhanza za m'makomboni, inaphulitsiridwa makina osindikizira mu 2001 ndipo inatsekedwa mu 2003. Pulezidenti Robert Mugabe mwiniwake ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, kutanthauza opanda ziwongo, mawu amene aliyense anamva kuti akuloza ana a matchona.

Madzi anafika m'khosi mu Meyi 2005, boma litayamba Operation Murambatsvina. Apolisi anagwetsa misika, zisakasa ndi tizipinda takuseri tonse topanda pulani, nthawi zina kukakamiza eni ake kugwetsa okha ndi manja awo, pakati pa nyengo yozizira. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka wa ku Tanzania, inalemba mu Julaye chaka chomwecho kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pogona, pogwirira ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo ena 2.4 miliyoni anakhudzidwa mwa njira ina. Porta Farm inafafanizidwa kumapeto kwa Juni ngakhale panali zigamulo za khothi zoletsa. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo opanda mudzi anatengedwa pa malole kupita ku Caledonia Farm, kenako ku Hopley Farm. Tizipinda takuseri tija ndi timene tinkasunga osauka ambiri a mumzinda, ndiye titagwa, zipinda zotsala zinakwera mtengo nthawi yomweyo, mabanja awiri kapena atatu n'kupanikizana m'chipinda chimodzi. Ku Matapi, chipinda chomangidwira amuna osakwatira chinagawidwa ndi makatani ndi makatoni, banja lililonse ndi ngodya yake, mbaula yake ndi chidebe chake cha madzi. Nyumba zimene boma linalonjeza pansi pa Operation Garikai zinali zochepa, ndipo zambiri zinaperekedwa zopanda madzi ndi zimbudzi.

Boma linayesa kugwira lendi ndi lamulo. Malamulo a lendi a 2007, olowa m'malo mwa a 1982, analetsa kukweza lendi mopyola popanda chilolezo cha bodi yoona za lendi. Koma ndalama ya dzikolo inali ikufa, ndipo boma lomwelo linalengeza kuti pofika mu Julaye 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni pa 100 alionse pa chaka. Eni nyumba anasiya kulandira ndalama ya Zimbabwe. Ankafuna randi, dola ya ku America, apo ayi zinthu: mafuta ophikira, shuga, sopo, ufa. Kuyambira 2009, dziko litavomereza ndalama zakunja, lendi inakhazikika pa dola, ndipo yakhalabe pomwepo ngakhale ndalama za m'dzikomo zasintha kangapo, kuchokera pa ma bond note a 2016 kufika pa ZiG ya 2024. Wolandira malipiro mu ndalama ya m'dzikomo lendi yake imakwera yokha mwini nyumba asanakweze. Ngakhale malo operekedwa ndi boma sanakhale aulere: mu 2010 bungwe la Amnesty International linadandaula kuti anthu a ku Hatcliffe Extension akuopsezedwa kuchotsedwa akalephera kulipira ndalama zofika madola 140 zowonjezerera mapepala a malo awo.

Nkhani za lendi zimatuluka kawirikawiri m'nyuzipepala za ku Harare, ndipo zambiri zimafanana kalembedwe. Mtolankhani amafunsa ogulitsa nyumba, amatenga mitengo ya nyumba zosanjikizana za ku Avenues ndi za m'madera a anthu opeza bwino, n'kuwonjezera dandaulo la mabungwe a anthu okhala mumzinda. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti mitengo imeneyo ndiyo yolembedwa ndipo ndiyo ili pafupi ndi ofesi. Koma anthu a lendi ochuluka alibe chikalata chilichonse. Amapangana pakamwa ndi mwini nyumba za chipinda chimodzi, za tsiku lokolopa chimbudzi, za nthawi yotseka geti, ngakhale za chiwerengero cha ana. Epworth, imene inali ndi anthu oposa 160,000 pa kalembera wa 2012 ndi oposa 200,000 mu 2022, imatchulidwa kwambiri pa nkhani za umbava ndi kugwetsa nyumba kusiyana ndi za lendi. Funso loti anthu onsewa anachokera kuti silifunsidwa kawirikawiri, ndiye kukwera kwa lendi kumaoneka ngati dyera la eni nyumba basi, pomwe gawo lina la chiyambi chake lili ku Mvurwi ndi ku Karoi.

M'makomboni otsala, lendi ya thukuta inabwerera m'manja mwa eni atsopano. Malo olandidwa anakhala a boma, ndipo palibe lamulo limene linapatsa antchito akale umwini wa nyumba zimene akukhalamo. Lamulo la Gazetted Land (Consequential Provisions) Act la 2006 linati kukhala pa malo otere popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ena mwa alimi atsopano, makamaka a minda ikuluikulu yotchedwa A2, analigwiritsa ntchito kuthamangitsa okana kuwalimira. Ofufuza monga Walter Chambati asonyeza kuti mkangano waukulu m'madera amenewa ndi womwewo: mwini munda akuti wogona m'komboni agwire ntchito kwa iye pa malipiro amene iye wanena, pomwe wokhalamoyo akufuna ufulu wochita ganyu kumene kuli ndalama. M'malo ena antchito apambana, chifukwa komboni imodzi tsopano yazunguliridwa ndi alimi ang'onoang'ono ambiri a fodya olimbirana manja awo. Malamulo a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo analetsa kuchotsa munthu panyumba popanda chigamulo cha khothi, koma ambiri akusowabe zikalata za kubadwa zotsimikizira zimenezo. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, boma linalola anthu a lendi kuchedwetsa malipiro awo kwa kanthawi osachotsedwa m'nyumba. Lamulolo linkanena za lendi ya ndalama, ndipo okhala m'makomboni, olipira ndi masiku a kumunda, silinawatchule.